Chingwe choyanikira zovala sichochititsa manyazi

Abale nkhani iyi yakhala ikundivuta mumtima kwa nthawi ndithu. Nyumba ina yomwe ndinkachita lendi, eni ake anatiletsa kumanga chingwe panja akuti zovala zikamalendewera zimaipitsa malo, alendo akabwera aziti pamakhala anthu osowa. Ndiye chaka chathunthu ndinkayanika mkati, pamipando, pachitseko, pawindo, mapeto ake khoma la kuchipinda linachita chuku chakuda bii pakona, mabulangete kununkha chinyontho ngakhale uchape ndi sopo wabwino bwanji, mwana wanga naye chifuwa osatha. Madzi amene ali m'zovala sangosowa ayi, zochapa za ulendo umodzi zimatha kutulutsa madzi pafupifupi malita 2 ndipo ukayanika mkati onsewo amathera mumpweya umene mukupuma ndi m'makoma momwe.

Pomwe panja dzuwa ndi mphepo zimagwira ntchito imeneyo ulere. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mphamvu ija amati UV, imapha majeremusi ambiri otsalira ukachapa komanso imayeretsa nsalu zoyera, amene analerapo mwana wa matewera ochapa akudziwa mmene banga lachikasu limachokera thewera likakhala padzuwa tsiku lonse. Ngakhale kafungo kabwino kaja ka zovala zongoanula kumene si maganizo chabe, mu 2020 akatswiri a pa yunivesite ya Copenhagen anayeza matawulo ndipo anapeza kuti ouma padzuwa amatulutsa timankhwala tonunkhira tomwe ouma mkati mwa nyumba satulutsa.

Ena amati bwanji osangogula makina oumitsira. Chabwino amene angathe agule, nthawi ya mvula amathandiza, koma makina amenewo ali m'gulu la zinthu zodya magetsi kwambiri m'nyumba ndipo thonje lija mumachotsa pasefa yake ndi ulusi wa zovala zanu zomwe zikutha pang'onopang'ono. Mayiko olemera omwewo amene timafuna kutengera anafika potopa nako kuletsana chingweku, ku Ontario m'dziko la Canada boma linathetsa malamulo oletsa kuyanika panja pa nyumba zambiri mu 2008, ku Florida m'dziko la America nako kuli lamulo loteteza munthu wofuna kuyanika pachingwe. Ndiye ife manyazi tikuwatenga kuti?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha zovala zamkati. Munthu wachapa bwinobwino koma akukakoleka panti kuseri kwa chitseko cha kubafa, kapena ayanika panja koma waphimba ndi tawulo pamwamba kuopa maso a anthu, mawa akuvala ili yonyowa m'mphepete. Chovala chimene chimakhudza malo osachedwa kugwidwa ndi matenda a pakhungu ndi chimene tikuchimana dzuwa, zoona? Mafangasi, tizilombo toyambitsa ena mwa matenda amenewa, amakonda ponyowa ndi pofunda basi. Ngati ndi ulemu, mangani kachingwe kena kumbali komwe anthu sadutsa koma dzuwa ndi mphepo zizifika, palibe amene angakudzudzuleni.

Sindikunena kuti panja palibe zovuta. Dzuwa limasulutsa zakuda ndi zamitundu, ndiye muzizitembenuza kunja kukhale mkati ndipo zikauma anulani, osazisiya mpaka madzulo. Waya wadzimbiri amadetsa malaya oyera, pukutani kaye kapena gulani chingwe chokutidwa ndi pulasitiki. Osapanikiza zovala pamodzi chifukwa mphepo ndi imene imaumitsa msanga kuposa kutentha kwenikweniko, ndipo zoyanika pansi kapena paudzu ndiye ayi, kumadera otentha kuli ntchentche ina yomwe imaikira mazira pa zovala zonyowa, mphutsi zake nkulowa pakhungu, nchifukwa chake kusita kumafunika makamaka za ana.

Nditasamuka pa nyumba ija ndinayamba ndi kumanga chingwe katundu ndisanamasule nkomwe, ndipo tsiku lotsatira ndinatulutsa mabulangete onse aja nkuwayanika kuyambira m'mawa.