Tisanalalikire munthu wosamudziwa, tiyambe tamva za iye

Maganizo anga lero akupita kwa Akhristu anzanga amene timakhulupirira kuti Uthenga Wabwino suyenera kutsekeredwa m'tchalitchi, koma uyenera kufika kwa munthu amene tayandikana naye m'minibasi, amene tili naye pamzere kuchigayo, kapena amene tikudikira naye dokotala pabenchi ya kuchipatala. Ntchito imeneyi ndimaikonda ndi mtima wonse. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kachitidwe kake, chifukwa ambiri a ife timalankhula ndi munthu wosamudziwa ngati kuti chibadwire sanamvepo dzina la Yesu, pamene kuno kwathu munthu wotereyo ndi wovuta kumupeza.

Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti anthu oposa 75 pa 100 alionse m'Malawi amati ndi Akhristu, ndipo pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi Asilamu, amenenso amamudziwa Yesu monga mneneri Isa. Amishoni anafika ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876 ndi ku Mvera mu 1889, ndipo Baibulo lonse m'chinenero chathu lakhala m'manja mwa anthu kuyambira 1922. Ngakhale amene saponda kutchalitchi amamva ulaliki pamaliro, paukwati ndi pawailesi. Choncho mayi amene mwakhala naye mpando umodzi kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Ntcheu, mwina anabatizidwa inu musanabadwe, anaimbapo kwaya, ndipo anavalapo yunifomu ya Chigwirizano kapena ya Mvano. Ngati lero sapemphera, chilipo chimene chinamulekesa. Mwina mwana wake anamwalira m'manja mwake atachezera usiku wonse akumupempherera, kapena mpingo unakana kuimba maliro a mwamuna wake chifukwa anali wakumwa, iye n'kuchita manyazi pamaso pa mudzi wonse. Kufunsa munthu wotere kuti, “Mukafa lero mukapita kuti?” ndi kutokosa bala limene simunalione n'komwe.

Ambuye wathu sankachita choncho. Pa Yohane 4, atatopa ndi ulendo ndi kukhala pachitsime cha Yakobo dzuwa lili paliwombo, sanayambe ndi kudzudzula mayi wa ku Samariya, koma anamupempha madzi akumwa, ngakhale kuti Ayuda ndi Asamariya sankayenderana. Anadziika pamalo a wopempha, mayiyo n'kukhala wopatsa, ndipo nkhani ya madzi amoyo ndi ya amuna asanu inabwera atayamba kale kuyankhana. Filipo nayenso, pa Machitidwe 8, atapeza nduna ya ku Etiopiya ikuwerenga buku la Yesaya panjira yotsikira ku Gaza, anayamba wamvetsera, kenaka anafunsa ngati zimene ikuwerengazo ikuzimvetsa, ndipo anakwera pagaleta ataitanidwa. Chimene chimandikhudza kwambiri m'nkhani imeneyi n'chakuti ubatizo utatha awiriwa sanaonanenso, ndipo ndunayo inapitiriza ulendo wake ikukondwera popanda Filipo kuilemba m'kaundula wa mpingo wake.

Mwambo wathu umatithandiza kale pankhaniyi, kungoti sitiugwiritsa ntchito mokwanira. Timafunsana kuti mwadzuka bwanji, kunyumba kuli bwanji, odwala agona bwanji, ndipo anthu ambiri amayankha zoona akaona kuti wofunsayo akudikiradi yankho. Tsiku lina ndikudwazika mbale wanga kuchipatala, ndinaona mayi wina wachikulire kukhitchini ya odikirira matenda akugawira makala mtsikana amene mbaula yake inazima phala lisanapse. Anamufunsa kuti akudwazika yani, mtsikanayo n'kufotokoza za amayi ake, za ndalama yoyendera imene inatha, ndi za achibale amene analeka kuyankha foni. Mayi uja anamvetsera mpaka phala linapsa, ndipo pomaliza anangoti, “Mwanangu, inenso ndinagonapo pansi pano chaka chimene bambo akunyumba anatisiya, ndipo amene anandigwira dzanja ndi Yesu. Ungalole kuti tipemphere?” Mtsikanayo anavomera, anagwada pambali pa mbaula. Mayiyo sanabise chikhulupiriro chake, dzina la Yesu analitchula momveka, koma analitchula atadziwa kale pamene pankamupweteka mnzakeyo, ndipo anapempha chilolezo.

Alaliki a m'mabasi sindikuwanyoza, chifukwa ena mwa iwo ndi anthu oopa Mulungu ndipo alipo amene anathandizidwa ndi mawu awo. Komabe tivomereze kuti wokwera basi sangatsike pakati pa ulendo, ndiye kuti kukhala chete kwake sikutanthauza kuti wamva. Zimafika poipa ulaliki ukathera pa kuyendetsa chipewa cha chopereka, kapena pa lonjezo lakuti wofesa mbewu lero apeza ntchito, banja ndi viza mwezi usanathe. Munthu amene wauzidwa zimenezi, zikapanda kuchitika, amakwiyira Mulungu amene sanamulonjeze zoterozo, ndipo Mkhristu wina akadzamuyandikira chaka chamawa adzapeza khomo lotseka. Choopsa koposa ndi kuuza wodwala amene simukumudziwa kuti asiye ma ARV kapena mankhwala a shuga poti mwamupempherera. Kumeneko ndi kuika moyo wa munthu pachiswe m'dzina la Iye amene anabwera kudzapereka moyo.

Palinso funso lija timalikonda, lakuti “Mumapemphera kuti?” Palokha ndi funso labwino, koma nthawi zambiri timalifunsa titakonzeka kale kupeza chilema pa yankho lake. Akati ndi Mkatolika timayamba za Maria, akati ndi wa Seventh Day timayamba za Sabata, akati ndi wa CCAP timamuuza kuti kwawoko kulibe moto. Pamenepo tasiya kuchitira umboni za Khristu, tayamba kutsatsa mpingo wathu. Ndi m'bale wa Chisilamu, kaya ku Mangochi, ku Machinga kapena pamsika wa Limbe, ulemu ukufunika kwambiri. Ine ndimakhulupirira kuti Yesu anafa ndi kuuka, ndipo ndikafunsidwa ndimanena mosazengereza, koma kunyoza mneneri wa mnzanga kapena buku lake sikunakopepo mtima wa munthu, ndiponso kumasokoneza mtendere umene mabanja ambiri okhala ndi zipembedzo ziwiri akhala nawo kwa zaka zambiri. Kalata yoyamba ya Petro, mutu 3, imatiuza kuti tikhale okonzeka kuyankha aliyense wofunsa za chiyembekezo chathu, ndipo imawonjezera kuti tiyankhe mofatsa ndi mwaulemu.

Ndisamveke ngati ndikuti tingokhala chete. Alipo Akhristu amene amacheza ndi wakabaza ulendo wonse za kukwera mtengo kwa feteleza ndi za Bullets ndi Wanderers, koma mnyamatayo akangonena kuti moyo wamutopetsa ndipo sakuonanso chifukwa chokhalira, iwo amasintha nkhani chifukwa cha manyazi. Pamenepo m'pamene tiyenera kutsika panjinga, kumupatsa ndalama yake yonse osanenerera, ndi kukhala naye kanthawi, kumuuza mwachidule zimene Yesu watichitira ife eni, ndi kumulimbikitsa kuti auze wachibale kapena apite kuchipatala ngati maganizo ofuna kudzipha akumubwerera. Akafuna kudziwa zambiri, tingamufunse kumene amakhala ndi kumulozera mpingo wophunzitsa Baibulo umene uli pafupi ndi kwawo, ngakhale utakhala kuti si mpingo wathu.