Mwami wa Rwanda wokhala ku Manchester

Abale anga, nkhani ya banja lachifumu la ku Rwanda yandikhala pamtima masiku ano, ndipo ndati ndiyankhulepo.

Ku Sale, kufupi ndi Manchester ku England, kumakhala bambo wina dzina lake Emmanuel Bushayija. Mu Januwale 2017 akuluakulu ena oyandikana ndi banja lachifumu adalengeza kuti iyeyu ndiye Mwami (mfumu yaikulu ya Rwanda) Yuhi VI, ngakhale abale ena sadagwirizane nazo. Bamboyu adabadwa mu 1960 ufumu uli pafupi kugwa, adakulira ku Uganda ngati wothawa kwawo, ndipo adagwirapo ntchito kukampani ya Pepsi. Ufumu womwe akuti walowawo sadauonepo ndi maso. Alibe bwalo loweruzira milandu, alibe mudzi, ndipo boma la ku Kigali silimuwerengera n'komwe.

Kuti mumvetse katundu amene adamusenzetsa, onani moyo wa amene adamusiyira dzinalo, m'bale wa bambo ake, Kigeli V Ndahindurwa. Kigeli adalowa ufumu mu 1959 ali ndi zaka 23, mkulu wake Mutara III Rudahigwa atamwalira mwadzidzidzi ku Bujumbura. Chaka chomwecho dziko lidayaka moto, nyumba za Atutsi zidatenthedwa, anthu miyandamiyanda adathawira maiko oyandikana. Mu Seputembala 1961, Abelijiyamu akadali olamula, anthu adavota pa riferendamu ndipo pafupifupi 80 pa 100 alionse adati ufumu uthe. Kuyambira pamenepo Kigeli adakhala moyendayenda: Tanganyika, Uganda, Kenya, mpaka mu 1992 adakapeza malo ku America.

Ku Oakton m'chigawo cha Virginia, Kigeli, mwana wa Mwami Yuhi V Musinga, ankakhala m'nyumba zomwe boma limathandizira anthu osowa, nkumadya ndi thandizo la boma. Sadakwatire, chifukwa mwambo sumalola mwami kukwatira ali kunja kwa dziko lake. Taganizirani zimenezo. Zaka zoposa 50 munthu akudikira tsiku lobwerera kuti ayambe moyo, tsikulo osafika. Boma la Paul Kagame lidanena kuti khomo n'lotsekula, abwere ngati nzika wamba. Iye adakana, ankafuna kuti anthu afunsidwenso za ufumu. Adamwalira pa 16 Okutobala 2016 ali ndi zaka 80, ndipo ngakhale maliro ake adafika kukhoti ku Virginia, abale akukangana za komwe aikidwe. Mtembo ndiwo udabwerera, nkuikidwa ku Nyanza, likulu lakale la ufumuwo, mu Januwale 2017.

Ine maganizo anga ndi akuti Kigeli akadabwerera ali moyo. Ndikunena izi ndikudziwa kuti mantha ake sadali opanda pake. Mlamu wake, Mfumukazi Rosalie Gicanda, mkazi wa Mutara III, adasankha kukhalabe m'dzikomo. Adakhala moyo wodzichepetsa ku Butare zaka zambiri, osalowerera ndale, koma mu Epulo 1994 asilikali adamutulutsa m'nyumba nkumupha, Atutsi akuphedwa dziko lonse. Munthu amene mlamu wake adafa chotero sungamunyoze kuti n'chifukwa chiyani sudapite kwanu. Komabe pofika zaka za m'ma 2000 zinthu zidali zitasintha, ndipo chomwe chidamutsekereza kunja chidali dzina la ufumu. Dzinalo lidamulanda banja, lidamulanda ukalamba pakati pa anthu oyankhula chiyankhulo chake.

Komanso tisabise, kwa Anyarwanda ambiri ufumu uja sukumbutsa zabwino zokhazokha. Umakumbutsa thangata, umakumbutsa nthawi imene Abelijiyamu adalamulira kudzera mwa mafumu a mtundu umodzi, Atutsi. Wolowa ufumu wotere ayenera kuyamba wamva kulira kumeneko asanafunse za mpando.

Njira ina ilipo, ndipo aneba awo ku Uganda adaiyenda. Pulezidenti Milton Obote adathetsa maufumu mu 1967, Kabaka (mfumu ya Buganda) Mutesa II nkufera ku London mu 1969. Mwana wake Ronald Muwenda Mutebi II adabwerera, ndipo mu 1993 adavekedwa ufumu wa Buganda wachikhalidwe, wopanda mphamvu za boma. Ife izi sitikuzimva kwa ena: Kalonga Gawa Undi alibe asilikali kapena unduna, koma pa Kulamba mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakagwada ku Mkaika. Chomwe ali nacho Gawa Undi ndi Kabaka, chomwe Kigeli adachisowa, ndi kukhala pakati pa anthu awo.

Ndiye ndikamaganiza za bambo wa ku Sale uja, mtima umandiwawa. Agogo ake Musinga adachotsedwa ndi Abelijiyamu mu 1931 nkukafera ku Congo mu 1944. Kigeli adafera ku America. Kodi nayenso adikire mpaka bokosi? Sindikufuna kuti m'badwo wachitatu uthere kunja chifukwa cha mpando womwe kulibe. Ndikadakonda kumva kuti wakwera ndege ndi dzina lake lenileni la Emmanuel, wakafika paphiri la Mwima ku Nyanza pomwe adagona Mutara, Rosalie ndi Kigeli, nkukhala pansi ndi okalamba omwe akadakumbukira ndakatulo ndi nyimbo za kubwalo la mwami, asanathe onse.