Amuna anga analumbira kwa Mfumukazi, koma ine ndi ana tikuwerengedwabe ngati alendo

Pamene amuna anga ankalowa usilikali wa dziko la Britain mu 2019, abale athu ku Zomba anasangalala kwambiri, nati banja lathu latsanzikana ndi umphawi. Boma la Britain linali litangochotsa, mu November 2018, lamulo lomwe linkafuna kuti munthu wochokera m'maiko a Commonwealth akhale kaye m'dzikomo zaka zisanu asanalembedwe usilikali, choncho anyamata a ku Fiji, ku Ghana, ku Kenya ndi kwathu ku Malawi anathamangira mwayiwo. Bambo a ana anapita, anamaliza maphunziro awo, analumbira kuti adzakhala okhulupirika kwa Mfumukazi Elizabeth II, ndipo ine ndinatsala ndi ana awiri ndikudzilimbitsa mtima kuti pakatha miyezi yochepa tidzawatsatira. Tinawatsatiradi, koma patatha zaka zitatu.

Chomwe chinatichedwetsa sichinali ulesi wa munthu aliyense. Lamulo la nthawi imeneyo linkanena kuti wofuna kuitanitsa mkazi wake ayenera kulandira £18,600 pa chaka, awonjezerepo £3,800 ya mwana woyamba ndi £2,400 ya mwana aliyense wotsatira. Kwa ife zimenezi zinatanthauza £24,800, ndalama yomwe msilikali wongoyamba kumene sankaifikira. Ndiye kuti boma lomwe linawalemba ntchito ndi kuwaikira malipiro ndi lomwelonso linkawauza kuti malipirowo ndi ochepa, sangakhale ndi banja lawo. Zinatheka atakwezedwa paudindo. Pamenepo tinayamba kuyezetsa chifuwa chachikulu ku Lilongwe, kulemba mayeso a Chingerezi ngakhale ndinali mphunzitsi wa chinenero chomwecho, ndi kulipira mapaundi oposa 1,500 pa munthu aliyense kuti tilandire viza ya zaka zisanu. Mwana wathu wamng'ono, yemwe anali wa chaka chimodzi pamene bambo ake ankachoka, anawakana pa bwalo la ndege la Manchester ndipo anabisala kuseri kwa chitenje changa akulira. Amuna anga sanayankhule kanthu mpaka tinafika kunyumba.

Nyumbayo ili ku Catterick, m'chigawo cha North Yorkshire, komwe kuli barakisi yaikulu kuposa ina iliyonse ya asilikali a Britain. Lendi yake ndi yotsika poyerekeza ndi nyumba za anthu wamba, ndipo zimenezo sindingazikane. Koma dzinja lathu loyamba lisanathe ndinakoka bedi la ana kuti ndisese, ndipo ndinapeza khoma lonse lakuda bii ndi chuku kuyambira pansi mpaka pa zenera, matiresi atanyowa m'mbali, fungo lake ngati la nkhokwe yovunda. Ndinaimbira foni kampani yomwe inapatsidwa ntchito yosamalira nyumbazi. Anandipatsa nambala ya dandaulo langa ndi kundilangiza kuti ndizitsegula mazenera. Unali mwezi wa January, kunja madzi akuuma m'zithaphwi, dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane, ndipo munthu akundiuza kuti nditsegule zenera la chipinda chogona ana. Patapita milungu isanu ndi umodzi kunabwera mnyamata yemwe anapaka penti pamwamba pa chukucho nachoka. Chaka chotsatira chinatulukiranso pamalo omwewo, ndipo mwana wanga wamkazi tsopano amayenda ndi kampope kopumira m'chikwama cha sukulu. Vutoli si la ife tokha, chifukwa akazi a asilikali Achingerezi amalira nalonso, ndipo linakula mpaka boma linagulanso, kumayambiriro kwa 2025, nyumba zoposa 36,000 za asilikali zomwe linagulitsa mu 1996. Kusiyana kwake n'kwakuti mnzanga wa ku Newcastle akatopa amanyamula ana kukagona kwa amayi ake, pomwe ine amayi anga ali kutsidya la nyanja.

Nkhani ya amayi angawa ndi yomwe imandiwawa kuposa zonse. Mu 2023 ndinali woyembekezera, ndipo tinafuna kuti abwere adzandidikirire monga mwambo wathu ulili, adzasambitse mwana, adzandiphikire phala mpaka nditatuluka m'chikuta. Tinatumiza kalata yoitanira, mapepala a malipiro a amuna anga, umboni wa nyumba, ngakhale kalata ya a mfumu yotsimikiza kuti amayi ali ndi munda ndi nyumba kumudzi. Yankho linabwera lakuti sakukhutira kuti amayiwo adzabwerera kwawo. Amayi a zaka zoposa 60, omwe sagona tulo akakhala kuti sanaone mbuzi zawo, ankaganiziridwa kuti akufuna kudzatchona ku Yorkshire. Ndalama yolipirira pempholo sibwezedwa, ndipo viza ya mlendo ikakanidwa palibe kochitira apilo kwenikweni, ungoyambiranso ndi kulipiranso. Ndinatuluka m'chipatala ndi khanda m'manja, n'kufikira kuchapa ndi kuphika tsiku lachitatu. Amene anandisambitsira mwana anali mayi wa ku Fiji wokhala nyumba yoyandikana nafe, yemwenso amayi ake anakanizidwa.

Zimandipweteka kwambiri ndikakumbukira kuti kuyambira 2017 asilikali a Britain ankapita kwathu kukathandizana ndi alonda a nyama ku Liwonde, mtunda wosakwana ola limodzi pa galimoto kuchokera ku Zomba, ndipo palibe yemwe ankawakayikira kuti sadzabwerera kwawo. Ntchito yawoyo ndi yabwino ndipo ndi yoopsa, moti mmodzi wa iwo anaphedwa ndi njovu mu May 2019, ndipo ndimailemekeza. Komanso ubale wa maiko awiriwa pa nkhani ya usilikali sunayambe dzulo. Aliyense wokulira ku Zomba amachidziwa chipilala cha King's African Rifles pafupi ndi Cobbe Barracks, ndipo amadziwa kuti agogo athu anakamenya nkhondo mpaka ku Burma pansi pa mbendera yomweyi. Magazi a Mmalawi akhala akulandiridwa kwa zaka zoposa zana, koma agogo a Chimalawi ofuna kudzaona mdzukulu kwa miyezi itatu akuonedwa ngati mbala.

Khandalo linabadwa nzika ya Britain, chifukwa kuyambira 2010 mwana wobadwira kuno kwa kholo lomwe likutumikira usilikali amakhala nzika kuchokera tsiku lobadwa. Choncho m'nyumba imodzi muli anthu a mapepala amitundu itatu. Bambo sakhudzidwa ndi malamulo a alendo malinga ngati akadali pa ntchito, wamng'ono ndi mwini dziko, pomwe ine ndi ana awiri akuluakulu tikuwerenga masiku a viza yathu yomwe idzatha mu 2027. Kuti tidzapatsidwe chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, mtengo womwe unaikidwa mu April 2025 unali £3,029 pa munthu, ndiye kuti £9,087 kwa anthu atatu, osawerengera mayeso a mafunso 24 okhudza moyo wa ku Britain ndi mayeso ena a Chingerezi. Mu April 2022 boma linachotsa ndalama imeneyi kwa msilikali wochokera kunja yemwe watumikira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anthu anaomba m'manja, koma mkazi wake ndi ana ake sanaphatikizidwemo. Kodi msilikali angakhazikike bwanji m'dziko lomwe ana ake akuyenera kugula malo? Chipani cha Labour chinalonjeza pa chisankho cha 2024 kuti chidzachotsa ndalamazi kwa asilikali otumikira zaka zinayi pamodzi ndi mabanja awo. Ine ndikusungabe ndalama mwezi ndi mwezi, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndalama zomwe ndikusungazo ndimazipeza posamalira okalamba usiku. Maphunziro anga a uphunzitsi sanandithandize kulowa m'kalasi kuno, ndipo olemba ntchito ambiri akaona adiresi ya ku barakisi amadziwiratu kuti pakatha zaka ziwiri kapena zitatu udzasamuka, ndiye sakupatsa ntchito yokhalitsa. Kuti ndifike kuntchitoko ndinafunika galimoto, poti Catterick ali kumidzi ndipo sitima uyenera kukakwerera ku Darlington kapena ku Northallerton. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito kuno miyezi 12 yokha. Mnzanga wa ku Zimbabwe anangosinthitsa yake, chifukwa dziko lake ndi South Africa zili pa mndandanda wa maiko ololedwa kutero, pomwe ine, woyendetsa galimoto zaka khumi kumanzere kwa msewu ngati iwo omwe, ndinayambiranso ngati mwana, kulipira mphunzitsi ndi kudikira miyezi yambiri kuti ndipeze tsiku la mayeso.

Anthu kumudzi amaganiza kuti wokhala ku Ulaya amangoyendayenda. Ana a anzathu amapita ku France pa tchuthi ngati mmene ife tinkapitira ku Mangochi, koma pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, ngakhale uli ndi chilolezo chokhala ku Britain, ndipo kuti uipeze uyenera kupempha tchuthi kuntchito, kupita ku mzinda waukulu ndi kusonkhanitsanso mulu wa mapepala. Mwana wanga wamkulu anatsala pa ulendo wa kalasi yake chifukwa cha zimenezi. Kubwera kumudzi nakonso si nkhani yapafupi. Palibe ndege yochoka ku Britain kukatera mwachindunji pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka, uyenera kudzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo nthawi yomwe ana ali pa tchuthi, mu August ndi mu December, ndi yomwenso matikiti amakwera mtengo kwambiri. Matikiti a anthu asanu amadya ndalama zonse zomwe ndasunga chaka chathunthu. Chifikireni kuno sitinapondeko kwathu.

Bambo anga anamwalira mu February 2024. Amuna anga anali ku Tapa, m'dziko la Estonia, komwe asilikali a Britain akhala akutumizidwa kwa miyezi isanu ndi umodzi pansi pa mgwirizano wa zachitetezo wa NATO kuyambira 2017. Pasipoti yanga inali itangotha ntchito, ndipo unali mwezi womwewo pamene Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowereredwa ndi akuba a pa kompyuta, ntchito yonse n'kuima. Ngakhale ndikanakhala ndi pasipoti, ana atatu ndikanawasiya ndi yani? Maliro a bambo anga ndinawaonera pa WhatsApp, nditakhala pansi pa khitchini, foni itatsamira ketulo. Mchemwali wanga ankaigwira foniyo m'mwamba kuti ndione, chithunzi chikuima n'kuyendanso, mawu a amayi a Mvano akumveka modukaduka. Pamene ankatsitsa bokosi m'manda netiweki inaduka. Itabwerera, adzukulu anali akukwirira kale. Ndinadzuka pamenepo n'kupita kukatenga ana kusukulu, chifukwa nthawi yoweruka inali itakwana ndipo panalibe wina wopita.

Pa maliro omwewo ena anayankhula kuti mwana wamkazi wa malemu wadyera mapaundi mpaka kuiwala kwawo. Mawuwa anandifika, monga mawu otere amafikira nthawi zonse. Ndikufuna abale anga amve bwino pamenepa, chifukwa ndikuyankhula mwachikondi. Bokosi, galimoto yonyamula maliro ndi chakudya cha anamfedwa zinachokera m'nyumba ino ya chuku. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mauthenga opempha fizi, feteleza ndi ndalama ya kuchipatala achuluka kwambiri, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, poti zinthu kumudzi zathina zedi. Koma amene amawerengera paundi mu makwacha amaiwala kuti gasi wotenthetsera nyumba, nsapato za sukulu ndi ufa wa nsima womwe timakagula ku masitolo a anthu a ku Africa kutali ndi kuno sizigulidwa ndi makwacha. Ukatumiza amati ndi zochepa, ukalephera amati wasintha mtima. Amuna anga akamaimba foni ali kunja pa ntchito sindiwauza zonsezi, chifukwa munthu wogwira mfuti sayenera kusokonezeka maganizo, ndiye ndimangoti, "Tonse tili bwino bambo, musade nkhawa."

Kwa achinyamata omwe amandilembera kufunsa njira yolowera usilikali wa kuno, sindikuletsani, poti amuna anga amainyadira ntchito yawo ndipo ine ndimawanyadira. Ndikungopempha kuti mukhale pansi ndi akazi anu musananyamuke, muwerengere limodzi zaka zomwe mudzakhale motalikirana ndi ndalama za mapepala a munthu aliyense, ndipo mufunsane kuti maliro akadzagwa kumudzi adzapita ndani. Malire a malipiro ofunika kuti msilikali aitanitse banja lake anasinthidwa mu April 2024 kukhala £23,496 posawerengera chiwerengero cha ana, zomwe zapepukitsako katundu kwa obwera kumene, koma zina zonse zomwe ndafotokozazi mudzazipeza.

Mwezi watha amuna anga analandira kalata yakuti tisamukire ku Tidworth, kumwera kwa England. Ana asinthanso sukulu, ine ndisiya ntchito ndi kukayamba kufunafuna ina, ndipo ndisiyana ndi mayi wa ku Fiji uja yemwe wakhala ngati mchemwali wanga. Tisanapereke makiyi kudzabwera woyendera nyumba, yemwe adzayang'ana uvuni, makapeti ndi makoma, ndipo chilichonse chomwe sichimukhutiritsa chidzadulidwa ku malipiro a amuna anga. Dzulo usiku, ana atagona pa matiresi pabalaza, ndinakoka bedi lija, ndinavala magolovesi, ndipo ndinayamba kukwecha khoma la chuku ndi jiki kuti tisadzalipitsidwe.