Malawi, Zambia ndi Mozambique: malamulo ochotsera mimba ndi osiyana, koma wopereka mimba amasowa konsekonse

Ndine mkatolika ndipo sindibisa, ndimakhulupirira kuti moyo wa munthu umayamba tsiku lomwe mayi watenga pathupi osati tsiku lomwe mwana walira koyamba. Ndanena izi koyambirira kuti wina asamawerenge akuganiza kuti ndikuzembazemba. Koma chomwe chakhala chikundisowetsa mtendere ndi ichi, ife ndi anzathu a ku Zambia ndi a ku Mozambique tili ndi malamulo osiyana kutalitali pa nkhani yochotsa mimba, chonsecho ukayang'anitsitsa amene amalira, amene amafera m'chipatala ndi amene amathawa nkumakayenda mutu uli m'mwamba, ndi anthu amodzimodzi mbali zonse za boda.

Kwathu kuno lamulo lili mu Penal Code ya 1930, yomwe anatisiyira atsamunda. Ndime 149 imati wochotsa mimba ya wina akhoza kukakhala kundende zaka 14, ndime 150 imati mayi wodzichotsa yekha zaka 7, ndime 151 wopereka mankhwala kapena zipangizo zaka 3. Khomo lomwe linasiyidwa ndi la ndime 243, pamene dokotala akupulumutsa moyo wa mayi. Mu 2015 a Law Commission anatulutsa lipoti lawo ndi bilu yofuna kukulitsa khomolo, kuti pakhalenso nkhani ya thanzi la mayi, kugwiriridwa, mimba ya pachibale ndi mwana wolumala kwambiri m'mimba. Pa 6 December 2016 maepiskopi athu pamodzi ndi a Evangelical Association of Malawi anatsogolera anthu m'misewu kukana biluyo, ndipo mu March 2021 pamene phungu wina, a Matthews Ngwale, anafuna kuilowetsa m'nyumba ya malamulo aphungu anakana ngakhale kuikambirana komwe. Mu 2025 khoti lalikulu linagamula mokomera mtsikana wamng'ono amene anagwiriridwa nkukanizidwa thandizo lochotsa mimba kuchipatala, koma ndime za zilango zija zikadali m'buku.

Nde ambiri a ife tinaomba m'manja kuti tapambana, moyo watetezedwa. Inenso ndinaomba nawo. Komatu abale, kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la ku America la Guttmacher Institute anapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno, lamulo lili pomwepo ndi zaka zake 14. Wina anena kuti a Guttmacher ali mbali ya ofuna kuti kuchotsa mimba kuloledwe, inde nzoona, koma olo nambalayo mutaidula pakati mutsala ndi ana oposa 70,000 pa chaka chimodzi, ndipo anamwino amene amalandira atsikana akukha magazi atamwa zitsamba kapena kudzibaya ndi timitengo safuna lipoti kuti adziwe zimenezi. Kwa munthu amene amati mwana wosabadwa ndi munthu, nambala imeneyi ndi maliro, ndipo sitinapiteko kukakhuza.

Zambia ndi imene imandidabwitsa kwambiri. Dziko lomwe a Frederick Chiluba analilengeza mu December 1991 kuti ndi lachikhristu, mawu omwe analowa mpaka m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dzikolo mu 1996, ndi dziko lomwelonso lili ndi Termination of Pregnancy Act kuyambira 1972 nthawi ya a Kaunda, lamulo lomwe anatengera kwambiri la ku Britain la 1967. Limalola kuchotsa mimba ngati moyo kapena thanzi la mayi lili pachiswe, la m'thupi kaya la m'maganizo, ngati thanzi la ana ake ena lingasokonekere, ngati mwanayo angabadwe wolumala kwambiri, ndipo madokotala amaloledwa kuganiziranso za msinkhu wa mayiyo ndi mmene akukhalira. Papepala ndi lotseguka ndithu kuposa lathu. Koma limafuna kuti madokotala atatu asayine, mmodzi akhale katswiri, nde tangoganizani chipatala chakumudzi chomwe dokotala mmodzi yemwe amachita kumudikira, atatuwo awapeza kuti. Zotsatira zake wa mtauni wandalama amadutsa pakhomo la kutsogolo, wakumudzi amapita kuseri ngati wa kuno, ndipo anthu ambiri ku Zambia sadziwa nkomwe kuti lamulo lotere liliko. Mu August 2016 kunali riferendamu ya ufulu wachibadwidwe yomwe inali ndi mawu oti moyo umayamba pamene mayi waima, inalephera chifukwa ovota sanakwane mlingo wofunikira. Nde dziko lakhala choncho, pakamwa likunena china m'buku muli china, aliyense akuyang'ana kumbali.

Sindikuwaseka a Zambia ayi, chifukwa ifenso tili ndi kubisa kwathu, kungoti kwathu kuli mozondoka. Iwo lamulo limalola koma amakhala ngati sililola, ife lamulo limaletsa koma timakhala ngati sizikuchitika.

A Mozambique sanabise kanthu. Mu December 2014 pulezidenti wawo wa nthawiyo a Armando Guebuza anasayina malamulo atsopano olowa m'malo mwa a Apwitikizi a 1886, ndipo kuyambira 2015 mayi akhoza kupempha kuchotsa mimba mpaka masabata 12 popanda kupereka chifukwa, masabata 16 ngati anagwiriridwa, masabata 24 ngati mwana ali ndi vuto lalikulu. Anati akufuna kuchepetsa imfa za amayi ofera m'manja mwa ochotsa mobisa, ndipo ine cholinga chimenecho sindingachinyoze, mayi akafa ndi munthu wafa. Koma njira yake sindingaivomere. Pa masabata 12 mtima unayamba kale kugunda, tizala tilipo, ndipo lamulo lomwe likuti mwana ameneyu palibe womuyankhulira ngakhale mmodzi landitaya. Chinanso chomwe anthu sakonda kunena, lamulo lotere limapeputsira mwamuna ntchito. Kale ankati mimba si yanga, pano angoti bwanji osangopita kuchipatala, nzololedwa, ndipo chomwe chikutchedwa kusankha kwa mayi chimakhala kusankha kwa munthu amene wauzidwa kuti ukasunga udziwa wekha.

Apa nde pagona nkhani yanga. Werengani malamulo atatu onsewa, muona mayi, muona dokotala, muona wogulitsa mankhwala. Amene anapereka mimba nkuikana simumupeza, pokhapokha ngati anagula yekha mapilisi kapena wagwiririra mwana. Mimba satenga munthu mmodzi. Akuluakulu anati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma anyamata athu ndi azibambo athu, ena a maukwati awo a mu tchalitchi, kukangong'anima foni amathimitsa.

Ndipo chomwe chimandipweteka nchoti Mpingo wathu pa mfundo iyi unayankhula bwino kuposa maboma onse atatu, kungoti ife akhristu timawerenga theka. Papa John Paul II, yemwe anafika ku Mozambique mu 1988 kenako ku Zambia ndi kuno mu May 1989, analemba kalata ya Evangelium Vitae mu 1995. Timakonda kutchula pamene akuti kuchotsa mimba ndi tchimo lalikulu, ndipo akunenadi mosapsatira. Koma pa nambala 59 akufunsa kuti ena olakwa ndi ndani, ndipo woyamba kumutchula ndi bambo wa mwanayo, osati pokhapokha akamukakamiza mayi ayi, komanso akamusiya yekha kuti alimbane ndi mimbayo. Kenako akutchula achibale ndi anzake omukankha, madokotala, opanga malamulo, ndi onse amene anayenera kukonza zothandiza mabanja koma sanatero. Pa nambala 99 akuyankhula ndi amayi amene anachotsapo, sakuwatukwana, akuvomereza kuti nthawi zambiri chinali chisankho chowawa ndipo akuwauza kuti asataye mtima. Ndi kangati mwamvapo ulaliki wa nambala 59?

Malamulo a Mpingo nawonso ali choncho. Chilango chochotsedwa mu Mpingo chimagwera amene wachotsa mimba komanso amene popanda iye sizikanachitika, kutanthauza kuti bambo wopereka ndalama uja, azakhali operekeza aja, ali momwemo. Chonsecho malamulo omwewo amati mwana wosakwana zaka 16 salangidwa, ndipo amene wachita chifukwa cha mantha aakulu chilango chongogwera chokha chija sichimukhudza. Mwaonatu, nthawi zina mtsikana amene tonse tikumuloza chala ndi amene mlandu wake uli wopepuka, wolemera uli kwa wamkulu amene Lamulungu lomwelo ali pamzere wa ukaristia. Mu November 2016 Papa Francis anapereka mphamvu kwa ansembe onse kukhululukira tchimoli mu sakramenti la kulapa osadikira episkopi, tchimo analisiya lili tchimo koma khomo lobwererera analikulitsa. Panangopita masabata awiri okha ife tinali m'misewu ndi zikwangwani, ndipo sindikukumbuka ngati nkhani ya Papayi tinaifalitsa ndi mphamvu yomweyo.

Ine mwini ndili ndi mlandu wanga. Mu kwaya yomwe ndinkaimba mtsikana wina anaoneka kuti ali ndi pakati, anamuimitsa kuimba ndi kulandira masakramenti, mnyamata wake aliyense ankamudziwa koma anakana ndipo anapitiriza kuimba pambali panga, ine osanena kanthu. Mtsikanayo anabereka mwana wake, mu tchalitchi sanabwererenso. Zinanditengera zaka kuti ndione phunziro lomwe atsikana ena onse a mu kwayamo anatola tsiku limenelo, loti amene wasunga mimba ndi amene amachita manyazi pagulu, amene wachotsa mwakachetechete amapitiriza kuvala yunifomu. Tinalalikira moyo ndi pakamwa, ndi zochita tinawaphunzitsa kuchotsa. Mu Yohane 8 anthu aja anabweretsa mayi yekha kwa Yesu akuti tamugwira ali mkati mochita chigololo, ngati kuti ankachita yekha, ndipo ife tinachita chimodzimodzi.

Ngati mukufuna kuona dziko lomwe likuteteza mwana wosabadwa, ine ndimati yang'anani zomwe limachita ndi mtsikana wa pasukulu amene watenga mimba, chifukwa ambiri chomwe amaopa si mwana koma kutha kwa sukulu. Apa Malawi anayamba bwino, kuyambira 1993 mtsikana amaloledwa kubwerera akabereka, Zambia inatsatira mu 1997 ngakhale sukulu zina za mishoni kumeneko zinakana kuwalandira, zomwe kwa ine nzomvetsa chisoni chifukwa nde zimayenera kukhala patsogolo. Mozambique kuyambira 2003 inkawasamutsira ku makalasi ausiku mpaka inasiya mu 2018. Ku Tanzania, komwe lamulo lochotsa mimba ndi lolimba ngati lathu, a John Magufuli, mkatolika mnzathu, ananena mu 2017 kuti mtsikana wobereka asabwererenso ku sukulu za boma, ndipo zinasintha mu November 2021 nthawi ya mayi Samia Suluhu Hassan. Umuuze mwana wa zaka 15 kuti ukachotsa ndende, ukasunga sukulu yatha, wamusiyira njira iti? Ndipo vutoli si laling'ono, kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 kuno anali ndi mwana kapena pakati, wa ku Zambia wa 2018 anapezanso 29 yomweyo. Malamulo osiyana, nambala imodzi.

Nde mukandifunsa kuti pa atatuwa ndingasankhe lamulo liti, la Mozambique ayi, la Zambia ayi, ndikhala ndi lathu chifukwa limavomerabe kuti m'mimbamo muli munthu. Koma ndime 150 ija, zaka 7 kwa mayi, sindiona chomwe yapulumutsa kupatula kuchedwetsa atsikana kupita kuchipatala akayamba kutaya magazi poopa apolisi, ndipo dokotala wa Katolika kaya namwino wa Katolika amene walandira wotere ntchito yake nkumupulumutsa osati kumufunsa mafunso a kukhoti. Mpingo suletsanso kuthandiza mayi amene mimba yakhala kunja kwa chiberekero kapena ali ndi khansa, ngakhale mwana atatayika pochiza mayiyo, bola cholinga chisakhale kupha mwanayo, izi anthu ambiri sadziwa ndipo amavutika mumtima pachabe.

Chomwe ndikanakonda nchoti mphamvu yomwe tinaonetsa mu 2016 tiionetsenso pa lamulo lomwe tili nalo kale, Child Care, Protection and Justice Act ya 2010, lomwe limati kulera mwana ndi udindo wa makolo onse awiri ndipo mayi akhoza kukasuma kuti bambo azipereka chithandizo. Atsikana angati amadziwa zimenezi, ndipo ndi mphakati uti unaperekezapo mmodzi ku khoti? A komiti akamva za mimba aitane onse awiri tsiku limodzi, woimitsidwa akhale onse kapena pasakhale woimitsidwa. Amayi ndi abambo a mu mphakati akhale ndi kathumba ka matewera ndi fizi ya mtsikana wobwerera ku sukulu, monga timachitira ndi thumba la maliro. Mtsikana wa mu kwaya uja mwana wake pano ndi wamkulu ndithu, ndinakumana nawo chaka chatha, ndinapepesa, iye anangoti zinapita zimenezo, kenako anandifunsa ngati mnyamata uja akuimbabe. Ndinamuuza zoona, kuti eya.