Akadula malipiro ndi kuchotsa anthu, amagona ndi njala ndani?

Abale anga, mukaona anyamata okonza mafoni pa msika wa Kapata ku Chipata atatsegula foni, mkatimo mumaoneka tinthu takuda tating'ono ngati chikhadabo. Timeneto ndi tomwe amati ma chip. Anthu opanga ma chip amenewa akhala akuchotsedwa ntchito mwaunyinji, ndipo nkhaniyi imandiwawa ngakhale ikuchitikira kutali.

Nthawi ya Covid anthu atatsekeredwa m'nyumba anagula makompyuta ndi mafoni ambirimbiri, makampani nkuyamba kupanga ma chip usiku ndi usana. Pofika 2022 ogula anachepa, katundu anangoti mbwee mosungira, mitengo nkugwa. Mu December chaka chomwecho kampani ya ku America yopanga ma chip ya Micron inalengeza kuti ichepetsa antchito 10 pa 100 alionse. Mu February 2023 Intel, kampani inanso ya ku America yopanga ma chip, inadula malipiro: bwana wamkulu Pat Gelsinger anamudula 25 peresenti, mamanejala apakati 5 peresenti. Anthu anapirira poganiza kuti mwina ntchito zipulumuka. Koma mu August 2024 Intel yomweyo inalengeza kuti ichotsa anthu pafupifupi 15,000, ndipo chaka chisanathe boma la America linavomereza kuipatsa ndalama zokwana pafupifupi madola 8 biliyoni.

Funso langa ndi ili: amene anaganiza zopanga katundu wopitirira muyeso ndani? Si mayi uja amene amaima pa makina usiku wonse atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Iye anangogwira zimene anauzidwa. Bwana mukamudula gawo la malipiro, ndiwo pakhomo pake sizisintha. Wochotsedwa ntchito wataya zonse, lendi ikumudikira.

Kwa ife a Kum'mawa kwa Zambia zimenezi si zachilendo. Mtengo wa kopa utagwa mu 2008, mgodi wa ku Luanshya, ku Copperbelt, unaima. Ndikukumbukira amalume akutsika basi ndi matiresi opinda, wailesi ndi ana atatu oti sukulu yaduka pakati pa temu. Munthu amene ankatumiza feteleza kumudzi chaka chilichonse anayamba kupempha mbewu kwa alongo ake.

Nchifukwa chake ndikamva kuti boma lathu likuchepetsera misonkho makampani ochokera kunja, ndimafuna mgwirizanowo unene poyera kuti zinthu zikavuta asunga anthu angati pantchito komanso kwa zaka zingati. Akaphwanya, abweze ndalamazo. Aphungu athu afunse zimenezi ku Nyumba ya Malamulo asanasainirane chilichonse.