Odwala shuga, chiwindi nachonso chiziyezedwa

Ku kiliniki ya shuga amayeza BP, shuga, mapazi, mwinanso maso ndi impso. Chiwindi chimaiwalika kawirikawiri, ndipo zimenezi zikundidetsa nkhawa. Ine ndikuti aliyense wa shuga ya type 2 kuno ku Mzuzu, makamaka wonenepa pamimba, aziwerengeredwa FIB-4, nambala yosonyeza chiopsezo cha zipsera m'chiwindi, chaka ndi chaka, kukachedwa pakatha zaka ziwiri.

Shuga ndi kunenepa zimaunjika mafuta m'chiwindi ngakhale munthu sanalaweko mowa. Chiwindicho chimatupa, chimachita zipsera, kenako chimauma, koma osamva kuwawa kulikonse. Maso akayamba chikasu, mimba ikadzadza madzi kapena munthu akasanza magazi, ndiye kuti madzi afika m'khosi.

FIB-4 sifuna makina achilendo. Pamafunika zaka za munthu, AST ndi ALT (zoyeza chiwindi kudzera m'magazi) ndi ma platelet (tizigawo tothandiza magazi kuundana) a pa full blood count. Chulukitsani zaka ndi AST, mugawe ndi ma platelet ochulukitsidwa ndi square root ya ALT. Tiyerekeze mayi wa zaka 55, AST 40, ALT 36, ma platelet 180: 2,200 kugawa ndi 1,080, yankho 2.04. Taonani, ALT yake ikuoneka yabwinobwino, koma mayiyu sali pabwino. Yankho likakhala pansi pa 1.3 chiopsezo n'chochepa. Pakati pa 1.3 ndi 2.67 pafunika kuyeza kulimba kwa chiwindi ndi makina otchedwa FibroScan, popeza sikani wamba amaonetsa mafuta koma zipsera zoyambirira sazigwira. Kupitirira 2.67, atumizidwe kwa katswiri, monga ku Mzuzu Central Hospital, osazengereza.

Pali misampha. Malungo amatsitsa ma platelet, choncho musawerengere munthu akudwala, dikirani achire. Wa zaka 65 kupita m'mwamba malire apansi ndi 2.0 osati 1.3, ndipo kwa wosakwana zaka 35 nambalayi siyodalirika. Hepatitis B, matenda a kachilombo kogwira chiwindi, iyezedwenso: katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, ndiye akuluakulu ambiri sanalandire.

Mafuta akapezeka, kutsitsa thupi ndi 7 mpaka 10 peresenti kumathandizadi. Wa makilogalamu 80 achotse 6 mpaka 8. Kachasu ndi zakumwa zotsekemera zisiyidwe, mtedza ndi chimanga za chuku zitayidwe, zitsamba zosadziwika bwino za "kutsitsa shuga" musamwe. Mankhwala a shuga a metformin musasiye mwa inu nokha. Mukapitanso kukatenga mankhwala, pemphani adokotala alembe nambala ya FIB-4 ndi tsiku lake m'kabuku kanu ka kuchipatala, kuti chaka chamawa adzaone ngati yakwera.