Kamwana kaja sikanakwere pamphepo ayi

Zandinyansa, ndinene. Dzulo msuweni wanga waponya kavidiyo pa gulu lathu la banja la WhatsApp, ka nsanja za anthu zija amamanga ku Catalonia, m'dziko la Spain, zomwe eni ake amazitcha castells. Kavidiyo kodulidwa, kongoonetsa kamwana kali pamwamba kakukweza dzanja. Ndemanga mbwee! "Ngwazi iyi!" "Mwana wolimba mtima!" Palibe ndi mmodzi yemwe amene wafunsa kuti kodi kamwanako kaponda pa ndani.

Kaponda pa anthu, abale anga. Pansi pa nsanja imeneyo pamakhala chikhamu, pinya m'chinenero chawo, nthawi zina anthu mazanamazana opanikizana, chifuwa cha uyu pamsana pa uyo, mitu yoweramitsa. Saona kalikonse. Inu mukuombera m'manja kamwana, iwo akungomva thukuta la mnzawo ndi mapazi a okwera akuwaponda m'mapewa. Nsalu yakuda yaitali imene amazenga m'chiuno ija si yokongoletsa, imalimbitsa msana, komanso ndi pomwe okwera amagwira ndi kupondapo. Taganizani, munthu kudzimanga m'chiuno kuti anzake amusandutse makwerero. Ndiye wina n'kubwera ndi foni yake n'kumudula pa chithunzi!

Mutu umodzi susenza denga. Nanga denga la anthu okhaokha, osanjikizana mpaka kakhumi monga magulu a m'matauni a Vilafranca ndi Terrassa anachitira mu 1998, lisenzedwa ndi mwana wa sukulu ya pulayimale? Kamwanako, komwe eni ake amakatcha enxaneta, n'kolimbadi mtima, sindikukana, ndipo masiku ano kamavala chipewa choteteza mutu. Koma nsanja ikagumuka, amene amawakha ogwawo ndi matupi awo ndi omwe aja mwawadula. Pokwera amasenza ndi iwo, pogwa amalandira ndi iwonso, pa kanema wanu mulibemo.

Mwina n'chifukwa choti foni imakonda nkhope imodzi, kaya.

Mwambowu unayambira m'tauni ya Valls, ku Catalonia komweko, zaka zoposa 200 zapitazo, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inauvomereza mu 2010 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Mukuganiza kuti anavomereza dzanja la kamwana? Ngakhale pa mpikisano waukulu wa mumzinda wa Tarragona, womwe umachitika zaka ziwiri zilizonse, gulu limene lamanga nsanja n'kuitsitsa bwinobwino popanda kugwa limapeza mapointi ochuluka kuposa limene langofikitsa mwana pamwamba kenako n'kugumuka. Eni mwambo akudziwa kuti dzanja likakwezedwa ntchito sinathe, apansi akadali kubuula ndi katundu. Inu kavidiyo kanu kathera pomwepo.

Ndipo poti ndayamba kale, inu amene mumachotsa phokoso lenileni la vidiyo n'kuikapo nyimbo zanu zovinira, mundikhumudwitsanso. Zitoliro zimene zimalira pomanga nsanja zija, zotchedwa gralla, zili ndi ntchito. Munthu wa pansi uja saona kumwamba, ndiye nyimboyo ndi imene imamuuza kuti nsanja yafika pati, kuti mwana wafika pamwamba, kuti tsopano ayamba kutsika, apirire pang'ono. Inu mwachotsa zimenezo mwaikapo amapiano. Amapiano!